Ulusi wa Pakhosi pa Botolo

1. Zomwe Rihab anagulitsa

Rihab anagulitsa madzi a maluwa mitengo isanamasule ndi duwa limodzi lomwe. Anawagulitsa ali chigonere pampando wa pabalaza, miyendo ili pakhoma, foni ili m'manja. Tsiku limenelo anadziona ngati mtsikana wochenjera kuposa onse mu Nabeul.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anakulira ku Tunis, koma makolo ake atapeza ntchito ku Djerba anamutumiza kwa azakhali ake, a Mongia, kuti adzamalize sukulu kuno. Anafika mu Seputembala, nyengo ya maluwa itapita kalekale. Choncho za ntchito ya azakhali akewo ankangozimvera m'kamwa mwa anthu.

Ndipo anthu ankazikambadi. Ukatchula zahar, madzi onunkhira otchezedwa kuchokera ku maluwa a malalanje owawa, dzina lotsatira linali la a Mongia. Kwa zaka makumi atatu mayiyu ankatcheza ndi mphika umodzi wamkuwa kuseri kwa nyumba yake.

Akateleka kamodzi pankatuluka mabotolo awiri. Loyamba, lamphamvu, loti dontho limodzi limadzaza nyumba yonse ndi fungo, timalitcha mutu. Lachiwiri, lofooka, ndi mchira. Mutu ndi wothira mu khofi ndi m'makeke a pa Idi, ndiponso wopaka mwana pamphumi akatentha thupi. Mchira ndi wosambitsira alendo m'manja paukwati.

M'chipinda chosungira katundu munali shelefu yaitali. Pamenepo panandandalika mabotolo makumi anayi opanda kanthu, amimba yaikulu ndi khosi lalitali aja timawatcha fashika. Lililonse linali ndi kaulusi pakhosi. Kena kofiira, kena kachikasu, kena komanga mfundo ziwiri. Rihab anawawerenga kawiri. Ulusiwo anauona ndithu, koma anati ndi zokongoletsa za anthu akale.

Nzeru inamubwerera pomwepo. Fashika imodzi ikhoza kudzaza timabotolo topopera makumi awiri, tolowa m'chikwama cha m'manja. Palibe amene anali atagulitsapo mutu mwa njira imeneyo. Pa msika wa pa intaneti womwe anzake ankagulapo nsapato panali mwayi wogulitsiratu chinthu chisanapangidwe. Wogula amalipira, msikawo umasunga ndalamazo, wogulitsa amadzalandira katundu akafika.

Anajambula manja a azakhali ake akukwecha mphika, eni manjawo osadziwa. Pansi pa chithunzicho analemba kuti: “Chatsopano. Mutu wa Mongia wa ku Nabeul. Mutu weniweni, wosasakaniza ndi kanthu. Itanitsiranitu lero, tidzatumiza pa 10 Epulo.”

Rihab sanawafunse azakhali ake. Ankadziuza kuti akufuna kudzawadabwitsa ndi ndalama zogulira mankhwala a mawondo. Zimenezo zinali zoona pang'ono. Zoona zenizeni n'zakuti ankalidziwa yankho lomwe akanalandira.

Milungu iwiri isanathe, anthu zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu anali ataitanitsa. Amenewo anali mafashika asanu ndi anayi basi. Pa shelefu ya mabotolo makumi anayi, Rihab sanaonepo vuto.

2. Mayi Jalila achedwa

Loweruka lina kumayambiriro kwa Malichi kunabwera mayi Jalila, a nyumba yachitatu kuchokera pa a Mongia. Anali atanyamula kanthu kokulunga m'thaulo ngati khanda.

“Lowani, a Jalila,” anatero a Mongia. “Rihab, tsitsa miyendoyo alendo akhale. Khomalo silinakulakwire.”

Mayi Jalila anamasula thaulo lija. Munali fashika yopanda kanthu, ulusi wabuluu uli pakhosi.

A Mongia anaiyang'ana, osatambasula dzanja. “Mwachedwa, anzanga.”

“Inu a Mongia, ine ndinali ku Sousse kosamalira mpongozi wanga. Botolo limodzi lokha. Hela wanga akukwatiwa mu Julaye. M'makeke ndikathira chiyani, madzi a pampopi?”

“Mchira ndikupatsani mabotolo awiri, osalipira. Mutu watha.”

“Watha bwanji musanasonkhe ndi moto womwe?”

“Wathera pa shelefu. Makumi anayi anakwana mu Janyuwale. Ndikalandira lanuli ndiye kuti ndanamiza munthu mmodzi, kaya inuyo kaya wina.”

Mayi Jalila anakulunganso botolo lawo pang'onopang'ono kuti aliyense aone kuti akhumudwa. “Zaka makumi awiri tikubwerekana mchere,” anatero ali pakhomo. Khofi yemwe anawathirira anamusiya akufuka.

Rihab anadikira chitseko chitsekedwe.

“Azakhali, mabotolo a pa shelefu aja si anu?”

A Mongia anaseka. “Anga? Mwana wa ku Tunis iwe. Ukuganiza kuti ndimaweta mabotolo? Lililonse lili ndi mwini wake. Mayi akafuna mutu amabweretsa botolo lake nthawi yozizira, n'kumanga ulusi wa pabanja pawo. Wofiira ndi wa kwa a Bouzid. Wa mfundo ziwiri ndi wa azamba. Ndikalilandira ndi dzanja langali, ndalonjeza. Palibe pepala, palibe ndalama. Ulusiwo ndiwo mawu.”

“Onse makumi anayi?”

“Onse. Woyera uja ndi wa nyumba ino.”

“Nanga titagula maluwa ena kumsika, osatcheza ochulukirapo?”

“Maluwa si vuto. Mphika ndi umodzi, ndipo maluwa amakhala masiku makumi awiri basi. Ndimateleka kawiri pa tsiku. Moto ukaufulumiza madzi amanunkha chopserera. Wafunsiranji? Ukufuna kuphunzira ntchito tsopano?”

“Ndimangofunsa,” anatero Rihab. Foni inanjenjemera m'thumba mwake. Anali munthu wina akufunsa ngati timabotolo tatsala.

3. Nzeru za Skander

Skander, mwana wa a Mongia, anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu ndipo ankagwira ntchito yoperekera katundu panjinga yamoto. Ndiye anamuthandiza Rihab kutsegula tsamba logulitsira pa msika wa pa intaneti uja. Rihab anamupeza panja akupukuta njinga yake, yomwe ankaisamala kuposa nsapato za kumapazi kwake.

Atamva nkhani yonse, Skander anaseka mpaka kukhala pansi.

“Asuweni, mwagulitsa mabotolo a eni ake? Ndiye inu ndi akatswiri. Mawa mudzagulitsanso mzikiti.”

“Usaseke, Skander. Ndithandize kufufuta tsambalo.”

“Silifufutika anthu atalipira kale. Malamulo aja unawawerenga?”

Sanawawerenge. Ndi angati amene amawerenga? Anangodina povomereza monga timachitira tonse.

Skander anamuonetsa. Wogulitsa akalephera kutumiza pa tsiku lomwe analonjeza, ogula amabwezeredwa ndalama zawo, koma tsamba limatsala pomwepo ndi chidindo chakuda chonena kuti wogulitsayu sasunga mawu. Aliyense wogula amaloledwa kulemba maganizo ake pansi pake. Dzina la tsamba silisinthika.

“Ndiye kuti pansi pa dzina la azakhali,” anatero Rihab motsitsa mawu.

“Ndi manja awo omwe. Unajambula bwino, mphete ya amayi ikuoneka mbee.”

Mlungu wotsatira Rihab sanakhale pansi. Akaweruka kusukulu ankazungulira kwa amayi ena otcheza, kunamizira kuti watumidwa. Anafika makomo anayi. Paliponse anapeza shelefu, mabotolo, ndi ulusi pakhosi. Mayi wina anamufunsa kuti, “Si iwe mwana wa kwa a Mongia? Ukufuna mutu kwa ine, wa kwanu wapita kuti?” Rihab sanapitenso kwina.

Anagwira njakata. Kupita kutsogolo kunalibe, kubwerera m'mbuyo kunalibe, ndipo mitengo ya m'misewu inayamba kuyera ndi maluwa. Fungo lomwe mzinda wonse umaliyembekezera chaka chathunthu iye linkangomukumbutsa za pa 10 Epulo.

Lachinayi Skander anamuitanira kuseri kwa mpanda. Anamupatsa kabotolo kakang'ono ngati chala.

“Mafuta onunkhira a m'sitolo. Mchira amayi sawerenga, umangodzaza m'zigubu. Tenga mchira, donthezamo madontho atatu pa kabotolo kalikonse, tseka, tumiza. Nkhani yatha.”

“Ndinalemba kuti wosasakaniza.”

“Unalembanso kuti uli nawo. Anthu a ku Tunis ndi ku Sfax mutu amaudziwira kuti? Mphuno zawo zinafa ndi utsi wa magalimoto. Adzakupatsa nyenyezi zisanu, amayi sadzamva kanthu, aliyense adzagona tulo. Ukufuna kuteteza dzina lawo kapena ayi?”

Rihab anakalandira kabotoloko, n'kukaika m'thumba la epuloni.

4. Tsiku loyamba la moto

Anasonkha moto Loweruka m'mawa. Maluwa anali atayalidwa pansalu pamthunzi kuyambira dzulo lake. A Mongia anawathira mumphika, anathira madzi, anamata pakamwa pa mphika ndi nsalu yonyowa, kenaka anatchula dzina la Mulungu.

Panapita nthawi dontho loyamba lisanagwe. Litagwa, a Mongia analiwakha ndi chala n'kumupaka Rihab pamphumi.

“Chaka chako choyamba,” anatero. “Ukhale nacho chamwayi.”

Dzuwa litakwera, fashika ya ulusi wofiira inadzaza. A Mongia anaichotsa n'kuikapo chigubu cha mchira.

“Ndikupita kukapemphera ndi kukawongola mawondowa. Yang'anira moto. Usawonjezere nkhuni, usachotsepo.”

Rihab anatsala yekha. Anatulutsa kamodzi mwa timabotolo topopera tomwe anagula katoni yathunthu n'kubisa pansi pa bedi. Anakadzaza mchira. Anatsegula mafuta a Skander n'kudonthezamo katatu. Anapopera padzanja, n'kununkhiza.

Linali fungo la maluwa ndithu. Munthu wodutsa pamsewu sakanatsutsa. Koma pamphumi pake panali pakumvekabe dontho lija, ndipo ziwirizi zinali zosiyana ngati buledi wa lero ndi wa dzana.

Foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa wogula wina, mayi Najet a ku Sfax.

“Mwanawe, pepa kukuvutitsa. Kabotolo ndinaitanitsako ndi ka mayi anga. Anabadwira ku Nabeul, pano maso awo anafa. Nditawawerengera dzina la a Mongia analira, ati ankawadziwa ali mtsikana. Tsiku lililonse amandifunsa kuti pa 10 pafika liti. Akuti mutu wa kwawo adzauzindikira chivindikiro chisanatsegulidwe.”

Rihab anawerenga uthengawo kawiri. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu, ngakhale panalibe womuona. Anakhutulira kabotolo kaja m'ngalande.

A Mongia atabwerako anaima pakhomo la kuseri, mphuno ili m'mwamba.

“Ndani walowa muno ndi sopo wa m'hotela?”

Rihab akanatha kunena kuti ndi Skander wadutsa. Mawuwo anafika mpaka pamilomo. M'malo mwake anaimirira, n'kuika foni ndi kabotolo ka mafuta pamiyendo pa azakhali ake atangokhala pansi.

“Azakhali, ndalakwa. Werengani.”

5. Mawu a a Mongia

A Mongia anavala magalasi. Anawerenga tsamba lonse, mpaka pansi. Anayang'ana chithunzi cha manja awo nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo Rihab akanakonda akanakalipa.

“Khala apa, mwana wa achimwene anga,” anatero. “Ndiyankhula kamodzi, sindidzabwerezanso.

“Kugulitsiratu si kulakwa. Inenso ndimagulitsiratu, mabotolo ali pa shelefuwo ndiwo umboni. Koma ine sindilandira botolo la munthu ndisanapite kumunda kukaona mitengo. Ndimagogoda mphikawu kuti ndimve ngati sunabooke. Ndimafunsa mawondo angawa ngati apirire masiku makumi awiri. Ndikatero ndimalandira makumi anayi, ngakhale ndikudziwa kuti chaka chabwino ndikhoza kupitirirapo ndi awiri. Awiriwo sindilonjeza munthu. Ndi a mvula, a mphepo, a tsiku lomwe ndingadzuke thupi likukana. Iwe unawerenga mabotolo opanda kanthu n'kuwayesa chuma. Sunafunse kuti adzadzazidwa ndi yani, pa moto uti, kwa masiku angati.

“Ndipo usaganize kuti anthu akowo anagula madzi. Madzi a zahar ali m'sitolo iliyonse, otchipa kuposa akowa. Anagula dzina langa. Dzina limeneli sindinalitole pamsewu. Chaka chomwe bambo a Skander anamwalira, mphepo inayoyola maluwa onse m'masiku atatu. Ndinatcheza mabotolo khumi ndi asanu basi. Anandiuza anthu kuti thira mchira, ndani adziwe, uli ndi mwana wakhanda. Ndinamubereka Skander kumsana, ndinayenda khomo ndi khomo kubweza mabotolo opanda kanthu. Ena anandinyoza. Mmodzi sandipatsa moni mpaka lero. Koma chaka chotsatira shelefu inadzaza Disembala asanathe, chifukwa anadziwa kuti Mongia akapanda mutu amanena kuti alibe.

“Mwana wanga yemwe ndinamubereka tsiku limenelo ndi amene wakupatsa mafutawa. Ameneyo ndithana naye ndekha. Iwe chako n'chimodzi. Ukanandifunsa, mwina ndikanakana. Mwinanso ndikanati tiyese ndi botolo limodzi tione. Sunandipatse mpata wokana kapena wovomera. Unatenga chinthu chomwe sichinali chako n'kukachimangirira kwa anthu zana ndi makumi asanu ndi atatu omwe sindikuwadziwa nkhope. Chimene chandipweteka n'chimenecho.”

Rihab analira. A Mongia anamusiya alire, uku akukankhira chikuni chimodzi mkati pang'ono.

Kenaka anamutuma kukatenga botolo la ulusi woyera. Anatenga mpeni n'kudula ulusiwo.

“Ili lokha ndi lomwe ndingapereke osabera munthu. Chaka chino nyumba ino imwa khofi wopanda zahar, ndipo pa Idi tidya makeke osanunkhira. Timabotolo makumi awiri. Upatse oyamba kuitanitsa khumi ndi asanu ndi anayi. Kotsalako n'ka mayi wa ku Sfax.”

“Nanga enawo, azakhali?”

“Enawo uwabwezere mabotolo awo opanda kanthu, monga ndinachitira ine. Lemba zoona, lero lomwe, asadikire mpaka pa 10. Ulembe ndi dzina lako.”

Anamupatsa ulusi woyera uja m'manja.

Rihab anatenga foni n'kulemba. “Dzina langa ndine Rihab. A Mongia ndi azakhali anga ndipo za tsambali samadziwa. Ndinagulitsa mutu womwe ndinalibe. Anthu makumi awiri alandira, ena nonse ndalama zanu zibwerera. Wolakwa ndine.”

Anadina potumiza uthengawo ndi pobweza ndalama za otsalawo. Pasanathe mphindi khumi chidindo chakuda chinaoneka pamwamba pa tsamba, pambali penipeni pa dzina la a Mongia. Pansi pake anthu anayamba kulemba. Ena anamuthokoza chifukwa chonena msanga. Ambiri sanawerenge n'komwe mpaka pa dzina la Rihab. “Mongia wakuba,” analemba wina. Rihab anatembenuza foni kuti azakhali asaone.

6. Pakhomo

Anali atateleka mphika wachiwiri pamene chitseko cha kumaso chinagogodwa. Sikunali kugogoda kwa mlendo wodzacheza.

“A Mongia, tatulukani mutiuze.” Anali mawu a mayi Jalila. “Hela wanga wandionetsa pa foni. Ine munandibweza ndi botolo langa, ati mutu watha. Nanga uwu mumagulitsa kwa anthu a ku Tunis ndi mutu wa ndani?”

Rihab anasuzumira pazenera. Mayi Jalila sanali okha. Kumbuyo kwawo kunali mayi a kwa a Bouzid, azamba, ndi amayi ena atatu. Aliyense anali ndi thaulo lopanda kanthu m'manja.

“Tabwera kudzatenga mabotolo athu,” anatero azamba. “Tikapereke kwina nthawi isanathe.”

Zaka makumi atatu, palibe amene anachotsapo botolo pa shelefu ya a Mongia lisanadzaze. Rihab anatembenuka kuyang'ana azakhali ake. Nkhope yawo inali itagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka okalamba.

Dontho loyamba la mphika wachiwiri linagwera m'botolo la ulusi wa mfundo ziwiri. A Mongia sanadzuke.

“Ine sindingasiye moto,” anatero. “Botolo ili ndi la azamba, ndinalilandira ndi dzanja langa. Iwe pita ukatsegule. Kwa anthu osawadziwa walemba. Awa ndi oti uwayang'ane m'maso.”

Chitseko chinagogodwanso. Rihab anapukuta misozi ndi epuloni, anafumbata ulusi woyera uja, n'kupita kukachotsa mpiringidzo.